Console kapena kompyuta? Mafunso amene osewera magemu ndi makolo amafunsa kuno ku Harare

Ntchito yanga ndi yokonza makompyuta ndi makina a magemu m'tauni muno, ndipo ambiri ondifunsa mafunso ali m'munsiwa ndi anthu akwathu olankhula Chichewa: makolo a ku Mabvuku ndi Tafara, achinyamata a ku Mufakose ndi Dzivarasekwa, ena a ku Epworth amene timakumana kutchalitchi. Malangizo ambiri a pa YouTube amachokera kumayiko kumene magetsi sazimazima ndipo intaneti ndi yotchipa. Ine ndiyankha poona mmene zinthu zilili kuno.

Achimwene, musazungulire. Chabwino n'chiti?

Ngati mukungofuna kusewera basi, makamaka mpira ndi anzanu pa TV ya pabalaza, gulani console, ndiko kuti makina a magemu olumikiza ku TV monga PlayStation kapena Xbox, ndipo ikhale yolowetsa chimbale. Ngati m'nyumbamo muli mwana wa sukulu kapena munthu wofuna kugwirirapo ntchito, ndalama yomweyo ipite ku kompyuta. Koma musanakwere kombi yopita m'tauni, yambani mwadzifunsa: magetsi kwanuko amakhala maola angati, intaneti mumaipeza bwanji, nanga makinawo akadzawonongeka adzakonza ndani? Kuno nkhaniyi imagamulidwa ndi zimenezi. Kukongola kwa zithunzi, kumene achinyamata amakanganirana tsiku lonse, kumabwera pambuyo penipeni.

Kodi zonsezi si makompyuta okhaokha? Zikusiyana pati?

Mkati mwa PlayStation 5 (PS5) ndi Xbox Series muli zida za kampani ya AMD, yomwe imapanganso zida za makompyuta ambiri. Kusiyana kwake n'kwakuti console ndi yotsekedwa. Wopanga gemu amadziwiratu makina amene gemuyo idzaseweredwepo, choncho chimbale cholembedwa PS5 chimagwira pa PS5 iliyonse yolowetsa chimbale, kaya ya mu 2020 kaya yogulidwa dzulo. Mumangolumikiza ku TV n'kuyamba. Kompyuta ndi yotseguka. Mukhoza kusintha graphics card (chida chopanga zithunzi za gemu), kuwonjezera RAM (memory imene makina amagwirira ntchito), kuika SSD ina (posungira mafailo), koma kudziwa ngati gemu yakutiyakuti igwire kapena ayi ndi udindo wanu. Pali anthu amene amasangalala ndi kusinthasintha kumeneku mwina kuposa kusewera kwenikweniko, ndipo pali ena amene kumangowapweteketsa mutu. Mudziwe kaye kuti inu muli mbali iti.

Ndi kuzimazima kwa magetsi kwa kunoku, n'chiti chingandithandize?

Apa tikhalitsepo, chifukwa anthu ambiri amaluza ndalama pamenepa. Tonse tikukumbukira kumapeto kwa 2022, madzi atachepa ku Kariba, mmene madera ambiri ankakhalira opanda magetsi usana wonse, n'kudzayaka pakati pa usiku anthu ali m'tulo. Vutoli limachepa kenako n'kubwereranso. Ndiye makina amene mukufuna akutumikireni zaka zisanu muziwasankha mukuganizira batire ndi sola.

PS5 ikamayendetsa gemu yolemera imadya mawati pafupifupi 200, ndipo Xbox Series X sitalikira kwenikweni pamenepo. Xbox Series S ndi PS4 Slim sizifika 100. Nintendo Switch sifika n'komwe 20. Kompyuta ya magemu yokhala ndi graphics card yamphamvu imatha kudya 300 mpaka 500, sikirini osaiwerengera. Yuniti imodzi ya magetsi amene timagula ndi mawati 1000 kwa ola limodzi, kutanthauza kuti PS5 imamaliza yuniti m'maola 5, pamene kompyuta ya mawati 400 imaimaliza m'maola awiri ndi theka.

Pa batire ndi pamene kusiyanaku kumaoneka bwino. Batire la 12V 100Ah, papepala limasunga mphamvu yokwana yuniti imodzi ndi kachidutswa, koma ngati ndi la gel kapena la asidi simuyenera kulitsitsa kupitirira theka, apo ayi silikhalitsa. Mwatsala ndi theka la yuniti ndi pang'ono. PS5 ndi TV yaikulu pamodzi zingadye mawati 300, ndiye ndi maola awiri basi, furiji ndi mababu osaziwerengera. Series S ndi TV yaing'ono zingakufikitseni maola anayi. Kompyuta yamphamvu ija mwina ola limodzi ndi pang'ono. Mabatire a lithium amalola kutsitsidwa kwambiri, koma mtengo wake ndi wina.

Inveta ikhale ya pure sine wave. Zotchipa zija zimene zimapangitsa fani ya m'nyumba kung'ung'udza zimavutitsanso power supply ya makina anu.

China chimene ndimauza aliyense: chimene chimapha makinawa si mdima ayi, koma kuzima kwadzidzidzi ndi kubwera kwa magetsi mwamphamvu. Magetsi akazima gemu ikusunga pamene mwafika, kapena makina akudzikonza ndi update, mafailo amaonongeka. Ka UPS kakang'ono, kabokosi ka batire kogwirizira makina magetsi akazima, kamakupatsani mphindi zochepa zoti musunge gemu ndi kuzimitsa bwinobwino, ndipo mphindi zimenezo n'zokwanira. PlayStation musamaisiye pa rest mode, pamene imaoneka yozima koma ikadali yoyaka pang'ono, pochoka panyumba, izimitseni yonse. Magetsi akapita, zulani pulagi kukhoma, mudzalumikizenso atabwera n'kukhazikika.

Ndilibe WiFi kunyumba, ndimadalira bandulo ya pa foni. Ndingakwanitse?

Mungakwanitse ndi console ya chimbale, koma ndi kompyuta mudzavutika. Magemu akuluakulu a masiku ano amakhala 50GB kupita m'tsogolo, ndipo ena a Call of Duty adadutsa 100GB. Pamwamba pa izo pali ma update amene amabwera osapempha. Kutsitsa zonsezi ndi bandulo ya Econet kapena NetOne kungadye ndalama yoposa mtengo wa gemuyo. Fibre ya TelOne ndi Liquid Home ilipo koma sinafike msewu uliwonse, ndipo Starlink, imene idaloledwa m'dziko muno mu 2024, imafuna ndalama yogulira zida komanso ya mwezi ndi mwezi.

N'chifukwa chake ndimaumirira za chimbale. PS5 Digital Edition ndi Xbox Series S zilibe polowetsa chimbale, ndipo magemu a pa kompyuta pafupifupi onse masiku ano ndi otsitsa pa intaneti. Series S ndimaiyamikira pa nkhani ya magetsi, koma kwa munthu wopanda intaneti yokhazikika ndi bokosi loyera longokhala pashelefu. Chimbale mukhoza kubwereka kwa mnzanu, kusinthana, kapena kugulitsa mukamaliza. Komabe muzifunsa musanagule, chifukwa zimbale zina zatsopano zimakhala ndi gawo chabe la gemu, lotsalalo n'kumafuna intaneti.

A kompyuta nawo ali ndi kanjira kawo. Ngati gemu mwaigula pa Steam, sitolo ya pa intaneti yogulitsa magemu a pa kompyuta, mnzanu wa fibre amene ali nayo akhoza kukukoperani mafailo ake pa hard drive, inu n'kukawaika kwanu, Steam n'kungowayendera ndi kutsitsa zochepa zosowazo. Izi n'zololedwa bola gemuyo mudaigula pa akaunti yanu.

Nanga kusewera ndi anthu ena pa intaneti?

Kusewera pakokha sikudya data yambiri. Chimene chimafunika ndi intaneti yosadukaduka ndi ping yotsika, ndiko kuti kanthawi kamene uthenga umatenga kupita ku seva ndi kubwerako. Magemu amene ali ndi maseva ku South Africa, monga Counter-Strike 2 ndi Dota 2 a kampani ya Valve amene ali nawo ku Johannesburg, amaseweredwa bwino kuchokera ku Harare. Mukalumikizidwa ku seva ya ku Ulaya ping imapitirira 150, ndipo mumaona nokha kuti mwadina batani koma wosewera wanu akuchedwa kumva. Vutoli silisankha console kapena kompyuta. Chothandiza ndi kukoka chingwe kuchokera pa router kufika pa makina m'malo modalira WiFi yodutsa makoma awiri.

Kusiyana kuli pa malipiro. Pa PlayStation mumafunika PlayStation Plus kuti musewere magemu ogula pa intaneti, pa Xbox mumafunika Game Pass, pa Switch palinso yakeyake. Magemu aulere monga Fortnite, Rocket League ndi eFootball safuna zimenezi. Pa kompyuta palibe amene amakulipiritsani chifukwa cholowa pa intaneti.

Pa ndalama, chotchipa n'chiti?

Pogula, console. PS5 itatuluka mu November 2020 inali madola 499 ku America ya chimbale ndi 399 yopanda chimbale, Series X inali 499, Series S 299. Kompyuta yatsopano yofanana mphamvu ndi PS5 simungaimange pa ndalama imeneyo. Kuno mitengo imakwera kuposa pamenepo chifukwa cha mayendedwe, msonkho ndi phindu la wogulitsa, ndipo mu 2025 Sony ndi Microsoft adakweza mitengo m'malo moitsitsa.

Koma ndalama sithera pa tsiku logulalo. Gemu yatsopano yaikulu ndi madola 70. Padi yachiwiri ndi ndalama inanso, PlayStation Plus ndi ya chaka ndi chaka. Pa kompyuta, Steam imatsitsa mitengo kwambiri chakumapeto kwa June ndi kwa December, Epic Games Store imapereka gemu yaulere sabata iliyonse, ndipo Steam imabweza ndalama ngati gemu mwaisewera maola osafika awiri ndipo masiku 14 sanathe. Kumayiko a intaneti yotchipa, pakapita zaka kompyuta imabweza ndalama yake. Kuno sizichitika choncho kwa aliyense, chifukwa gemu yaulere ya 80GB si yaulere kwa munthu wogula data, pamene chimbale chakale cha PS4 mumachipeza pa mtengo wabwino kapena kungosinthana ndi mnansi.

Ndamva kuti Zimbabwe kulibe pa PlayStation Store. Ndiye anthu amagula bwanji?

N'zoona, potsegula akaunti ya PlayStation simudzapeza Zimbabwe pa mndandanda wa mayiko. Ambiri amatsegula ya South Africa, ya UK kapena ya America, n'kumagula makhadi a ndalama a dziko lomwelo. Muganize bwino musanasankhe, chifukwa dziko la akaunti silisinthika mukatsegula, ndipo khadi ya marandi silowa pa akaunti ya madola. Zimbale za PS4 ndi PS5 zimagwira pa makina a dziko lililonse, koma zowonjezera za gemu zogula pa intaneti zimayenera kugwirizana ndi dera la chimbalecho. Ambiri amagwa pamenepa: chimbale cha ku America, akaunti ya South Africa, zowonjezera zogulidwa osaoneka.

Steam ilibe vuto limeneli, imalandira munthu wa ku Zimbabwe, ndipo mumalipira m'madola ndi Visa kapena Mastercard.

Maakaunti ogulitsidwa m'magulu a WhatsApp ndi Facebook, odzaza kale ndi magemu, musawayandikire. Mwini wake weniweni akhoza kusintha pasiwedi tsiku lililonse, inu n'kutsala manja lende, ndipo palibe kokadandaula.

Ine ndimangofuna FIFA basi. Ndivutikirenji ndi zonsezi?

Musavutike, gulani PlayStation. Dzina lidasintha mu 2023 kukhala EA Sports FC ngakhale tonse timangoti FIFA, ndipo gemu ina ya mpira ija ya PES idasanduka eFootball mu 2021 n'kukhala yaulere. Zonsezi zilipo pa kompyuta, koma mpira umakoma anthu anayi atakhala pampando umodzi, woluza n'kupereka padi kwa wotsatira, ndipo console idapangidwira zimenezo. Ngati thumba lachepa, PS4 yosamalidwa bwino ikadali yothandiza. Idatuluka mu 2013, koma ngakhale FC 25 idatulukanso pa iyo. Zimbale zambiri za PS4 zimagwira pa PS5, ndiye mukadzakwera simudzazitaya.

Amene akudikira GTA VI adziwe kuti idalengezedwa ya PS5 ndi Xbox Series, pa PS4 sidzafika. GTA V idatuluka pa ma console mu 2013 ndipo a kompyuta adadikira mpaka 2015. Magemu ena a Sony monga God of War ndi Spider-Man adafika pa kompyuta mu 2022, patapita zaka. A Nintendo monga Mario ndi Zelda sapezeka pa kompyuta kapena pa ma console a makampani ena.

Mwana wanga ali Form 3, akulirira PlayStation. Bambo ake akuti tigule kompyuta. Tichite chiyani?

Mayi, pamenepa ine ndili mbali ya bambo. Console imadziwa ntchito imodzi, kuphatikizapo mwina YouTube ndi Netflix. Kompyuta mwanayo adzalemberapo ntchito za kusukulu, adzawerengerapo mapepala akale a ZIMSEC, ndipo akadzafika ku University of Zimbabwe kapena ku Harare Institute of Technology adzakhala atazolowera kale kiyibodi. Achinyamata ambiri amene lero akudya ndi ntchito ya makompyuta adayamba ndi kufufuza chifukwa chimene gemu yawo ikukanira kuyaka. Ndaona mnyamata wobwera kudzakonzetsa kompyuta, miyezi ingapo pambuyo pake akubwera kudzagula RAM yoti akaike yekha, ndipo mtima wanga udakondwa.

Koma ndisakubisireni. Pa console mukamuona ali ndi padi mumadziwa kuti akusewera. Pa kompyuta akhoza kuoneka ngati akuwerenga pamene gemu ili kuseri. Ikani kompyutayo pabalaza, sikirini iyang'ane kumene anthu amadutsa. Makina onsewa, PlayStation, Xbox, Switch ngakhale Windows, ali ndi pochepetsera maola osewera ndi poletsera kugula zinthu, ndipo wokukonzerani akhoza kukuikirani n'kukupatsani pasiwedi inuyo. Muziyang'ananso nambala ya zaka pa chikuto cha gemu. Mpira amalemba 3, GTA V amalemba 18, ndipo 18 ameneyo sadalembedwe mwangozi. Khadi yanu ya ku banki musaisiye yosungidwa pa akaunti ya mwana, chifukwa magemu ambiri aulere amagulitsa tizinthu m'kati mwake ndipo mwana amangodina osadziwa kuti ndi ndalama ya lendi.

Kodi kompyuta zakale za m'maofesi zija zingasewere magemu?

Zingasewere, ndipo kwa munthu wa ndalama zochepa iyi ndi njira imene ndimaikonda. Ma Dell OptiPlex ndi ma HP EliteDesk ochotsedwa m'maofesi akunja adzaza m'mashopu a m'tauni. Mupeze ya Core i5, muike RAM yokwana 16GB ndi SSD, kenako graphics card yosadya magetsi ambiri monga GTX 1650 kapena GTX 1050 Ti. Makhadi amenewa amadya pafupifupi mawati 75, ndipo ambiri mwa iwo amatenga mphamvu yonse pa motherboard osafuna chingwe china. Izi n'zofunika chifukwa power supply ya makina a mu ofesi ndi yaing'ono ndipo kawirikawiri sisinthika ndi ya wamba. Ngati bokosilo ndi lopyapyala, mufunse khadi ya low profile, apo ayi chitseko sichitsekeka.

Makina otere amayendetsa eFootball, GTA V, Fortnite ndi Counter-Strike 2 bwinobwino pa 1080p mukatsitsako zokongoletsa. Magemu olemera atsopano adzawalemera. Ubwino wake winanso ndi woti onse pamodzi sadya magetsi oposa PS5.

Muyang'anitsitse m'badwo wa purosesa. Microsoft idasiya kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 imafuna Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo. Nambala yoyamba ndi imene imakuuzani: i5-8500 ndi ya m'badwo wa 8, i5-6500 ndi ya wa 6. Graphics card yakale muiyesere pomwepo ndi pulogalamu ya GPU-Z, chifukwa pali makhadi achinyengo olembedwa dzina lalikulu pamene mkati muli chinthu chakalekale.

Laputopu ya magemu si ndiye yankho la zonse, poti ili ndi batire lake?

Pang'ono chabe. Magetsi akazima laputopu sizima nawo, ndipo zimenezo n'zabwino kwambiri kuno. Koma ikakhala pa batire imadzichepetsa mphamvu, ndipo gemu yolemera imalimaliza mwina mu ola limodzi. Imatentha, imadula kuposa kompyuta ya patebulo ya mphamvu yofanana, ndipo graphics card yake ndi yomatiridwa pa bolodi, sisinthika. Kwa wophunzira wokhala ku hositelo kapena wochita lendi kachipinda kamodzi, ndi yabwino. Kwa amene ali ndi malo ndi inveta, ya patebulo imakhalitsa ndipo imakonzeka mosavuta.

Ndikufuna kugula yogwiritsidwapo kale ntchito. Ndiyang'ane chiyani?

Musalipire chinthu chimene simunachione chikugwira ntchito, kaya ndi m'mashopu a cha ku Gulf Complex kaya kwa munthu wa pa Facebook. Wogulitsa wachilungamo sakana kuyesa. Mupite ndi chimbale chanu.

Muyambe ndi kuitembenuza muone timapepala tomatidwa pa zomangira kumbuyo. Ngati tang'ambika, idatsegulidwapo, ndipo si mlandu, koma mufunse chimene adakonza. Muone polowera chingwe cha HDMI ndi tochi ya foni: timano take tikhale towongoka, ndipo mukagwedeza chingwe pang'ono chithunzi chisathawe. Lowetsani chimbale mumve ngati ikuchikoka bwino ndi kuchitulutsa. Kenako sewerani mphindi 20 kapena 30 gemu yolemera, musachite manyazi ngakhale wogulitsa ayambe kuyang'ana wotchi. PS4 yodwala imayamba mwakachetechete, pakapita mphindi khumi fani imayamba kulira ngati chigayo, kenako uthenga wa kutentha n'kutuluka. Padi muiike pansi osaigwira: ngati wosewera akuyenda yekha, timitengo take tatha. Pomaliza ilumikizeni ku intaneti ya foni yanu muyese kulowa pa akaunti, chifukwa pali makina amene Sony kapena Microsoft adawatsekera kulowa pa intaneti, ndipo amenewo satsegulidwanso. Mwini wakale achotse akaunti yake inu mukuona, ndipo akulembereni lisiti yokhala ndi nambala ya makinawo.

Amandiuza za PS4 yodzaza kale ndi magemu ambirimbiri, ya jailbreak. Ndiitenge?

Safunsa adadya phula, ndiye mwachita bwino kufunsa. Makina amenewo adathyoledwa chitetezo kuti aziyendetsa magemu okopedwa. Sangalowe pa PlayStation Network, sayenera kulandira update, ndipo mwana akangodina update mwangozi magemu onse aja amatsekeka. Magemu atsopano ofuna pulogalamu yatsopano sagwira. Kuwonjezera apo ndi magemu osalipiridwa, ndipo ine sindingakulimbikitseni. Pa kompyuta magemu okopedwa ndiwo khomo lalikulu la mavairasi amene amaba mapasiwedi, ndipo ngati makina omwewo mumalowerapo ku banki, ngoziyo ndi yaikulu kuposa mtengo wa gemu.

Mlongo wanga ali ku UK akufuna kunditumizira. Zigwira kuno?

Zigwira. Magetsi a kuno ndi a 220 mpaka 240V ngati a ku UK ndi South Africa, ndipo pulagi ya mano atatu a makona ya ku UK ndi yomwe ili m'nyumba zambiri za kuno. Ku Malawi n'chimodzimodzi, ndiye mukafuna kudzapititsa makinawo kumudzi pa basi ya ku Nyamapanda ndi Mwanza, akagwira. Zochokera ku America ndi zimene muyenera kusamala nazo, chifukwa kumeneko ndi 120V. Muwerenge kapepala ka pa makina kapena pa chaja: pakalembedwa 100–240V palibe vuto. Xbox 360 ndi Xbox One yoyamba ija zili ndi chibokosi cha magetsi chapadera chopangidwira dera lake, ndipo cha ku America chimapsa mukangochilumikiza kuno. Muwauze achemwali anuwo asankhe ya chimbale, atumize ndi lisiti yake chifukwa a ZIMRA pa Beitbridge kapena pa bwalo la ndege amafuna kudziwa mtengo powerengera msonkho. Mudziwenso kuti waranti ya kunja kuitsatira muli kuno n'kovuta.

N'chiyani chimene chimawononga makinawa kwambiri kuno?

Kupatula magetsi, ndi fumbi, kutentha ndi mphenzi. Kuyambira August mpaka mvula itagwa, mphepo ya Harare imanyamula fumbi lofiira, ndipo fani imalikokera lonse mkati. Ndikatsegula PS4 imene yakhala pansi pafupi ndi khomo kwa zaka ziwiri, ndimapeza tizitsulo totulutsira kutentha tatsekeka ndi fumbi logwirana ndi ulusi wa makatani, lochita kusendeka ndi chala. Nthawi zina mu power supply mumakhala mphemvu zouma, chifukwa zimakonda malo ofunda ndi amdima, ndipo imodzi ikagunda pamene sipayenera makina amazima osadzukanso. Mu October kukatentha, makina otere ndi amene amadzaza patebulo langa.

Ikani makina pamwamba, osati pansi, osati m'kabati yotseka, ndipo kumbuyo kwake kukhale mpata. Kansalu kokongoletsa kaja kamene amayi athu amayala pa TV, pa console kazichotsedwa ikamayaka. Kamodzi pa chaka itsegulidwe ipukutidwe. Pa mfundo iyi kompyuta ya patebulo imapambana: mumamasula zomangira ziwiri n'kuipukuta nokha, ndipo chida chimodzi chikafa mumasintha chomwecho. Console ikafa bolodi, nthawi zambiri kukonza kumayandikira mtengo wa ina.

M'nyengo ya mvula, kuyambira November mpaka March, kukayamba kugunda zulani zonse, kuphatikizapo chingwe cha intaneti ndi cha dishi. Mphenzi imatha kulowera pa dishi, kudutsa pa dikoda ndi TV, n'kukawotcha HDMI ya console.

Ndikufuna kutsegula kashopu ka magemu ku Mbare kuti ana azilipira posewera. Ndigule chiyani?

Ma console, ndipo PS4 ikukwanirani poyambira. Makasitomala anu adzafuna mpira ndi magemu omenyana, anthu awiri pa TV imodzi, ndipo palibe amene angasokoneze pulogalamu kapena kulowetsa vairasi. PS4 Slim zingapo ndi ma TV aang'ono zimanyamulika pa sola yapakatikati, pamene makompyuta a magemu ochuluka chomwecho angafune jenereta. Ndalama yanu yambiri idzathera pa mapadi, chifukwa m'manja mwa ana ambiri sakhalitsa, ndiye muphunzire kusintha timitengo ndi timalabala ta mabatani nokha. Za chilolezo mukafunse ku maofesi a mzinda musanatsegule. Ndipo ndikupempheni, achimwene: mwana wovala yunifolomu nthawi ya sukulu musamulowetse, ngakhale atabwera ndi dola m'manja. Makolo a m'deralo akadziwa kuti mumabweza ana otere, iwo omwe adzawatumiza kwa inu Loweruka.

Ndidikire kuti mitengo itsike kapena kuti PlayStation yatsopano ituluke?

PS3 idatuluka mu 2006, PS4 mu 2013, PS5 mu 2020, ndipo ina idzabwera ndithu. Koma makina atsopano amafika kuno mochedwa ndiponso modula kwambiri chaka choyamba, ndipo opanga magemu amapitiriza kutulutsira makina akale kwa zaka zingapo, monga zachitikira ndi PS4. Mitengo ya PS5 yatsopano sinasonyeze kutsika, choncho kudikira chifukwa cha mtengo sikukupindulitsani. Chifukwa chomveka chodikirira ndi ngati ndalama yanu ikungokwana makina okha. Pamenepo dikirani mwezi umodzi kapena iwiri, muonjezere ya padi yachiwiri, ya chotetezera magetsi ndi ya UPS, mudzagule zonse tsiku limodzi.